Sabata M'nambala Imodzi

Zikani anachoka mwezi wa Malichi,
ntchito inamuitana ku Lilongwe.
Anatisiyira kompyuta, pasiwedi pa kapepala kachikasu
ndi nkhokwe ya mayina a midzi yonse
kumene galimoto ya sikelo imapita kuchokera pa Salima.

Pamzere wa masiku sanalembepo tsiku ndi limodzi lomwe.
Kwa Mpanje, 20.
Kwa Kanjuchi, 34.
Sabata yathunthu anaifinyira m'nambala imodzi
ngati zovala za banja lonse m'chikwama cha mwana wasukulu.

Ndinamuimbira. Netiweki ikudukaduka, iye anati:
"N'zosavuta, achimwene. Tsiku lililonse lili ndi mtengo wake,
1, 2, 4, 8, 16, 32, 64,
lililonse kuwirikiza kawiri mnzake wa m'mbuyo.
Pomasula, muzichotsa chachikulu chimene chikukwana,
kenako chotsatira, mpaka m'manja mutayera,
monga amabwezera chenje wogulitsa mandasi."
Mayunitsi anga anathera pomwepo.

Ndinakoka mpando, fani ikungotembenuza kutentha komwe kuja.
Lachiwiri ndi 2, nanga dzina silikunena lokha?
Ndiye kuti Lolemba ndi 1.
Lachitatu ndi 4, ngakhale dzina likukana,
Lachinayi 8, Lachisanu 16,
mayina kutsalira m'mbuyo, manambala akuthamanga.
Pa 20 ndinachotsa 16, kunatsala 4.
Lachisanu ndi Lachitatu!
Ndinasindikiza, ndi kumata pachitseko ndi selotepi,
ndi kudzigulira fanta.

Dziwenji, dalaivala watsopano, anafika kwa Mpanje Lachitatu.
Pansi pa mtengo wa mango anapeza chingwe cha sikelo
chikulendewera chokha,
makoko a mtedza, ndi kasokosi kamodzi ka mwana.
Amayi anadikira dzulo lake mpaka mthunzi unasamuka.
Lero anali ku mpunga.
M'bokosi la katemera ayezi anabwerera ali madzi.

Mayi Asiyatu sanakalipe.
Anaika padesiki panga kope la chikuto chothothoka,
chala chikuyenda pa inki yofufuma:
"Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikupita kwa Mpanje.
Lachiwiri ndi Lachinayi.
Makina anuwo anafikako liti?"

Ndinayang'ananso 20 yemwe uja.
Sananame. 16 ndi 4, monga kale.
Koma Zikani, mwana wa kalendala ya m'foni,
sabata yake imayambira pamene yanga imathera:
Lamulungu ndiye 1.
Lolemba 2.
Lachiwiri, lachiwiri lenilenilo, n'kukhala 4.
Tsiku lililonse linasendera mpando umodzi
ngati anthu pabenchi ya kuchipatala akaitanidwa wa kutsogolo,
ndipo ine ndinapatsa aliyense khadi la mnzake.

Dzina linandinyenga. Ndinakhulupirira lilime langa
pamene ndikanangofunsa funso limodzi:
kodi kuwerenga munayambira pati?

Usiku umenewo magetsi atazima ndinapitiriza pa batire.
Kwa Kanjuchi: 32 ndi 2, Lachisanu ndi Lolemba.
Mudzi ndi mudzi ndinamasula mfundo,
ndipo pambali pa nambala iliyonse ndinalemba mawu,
oti awerenge Dziwenji,
oti awerenge amene adzakhale pampando uno ine nditachoka.
Pamwamba penipeni, m'zilembo zikuluzikulu:
PANO SABATA IMAYAMBA LAMULUNGU.

Mzere wotsiriza unali wa kwa Chigumukire,
kutsidya kwa mlatho umene unakokoloka chaka chatha.
Nambala yake, 0.
Ndinayesa kuchotsapo 64, sizinatheke.
32, 16, 8, ayi ndithu.
Ngakhale 1 sanakwane.

Sindikudziwa ngati Zikani anaiwala
kapena analemba zoona.
Batire inali pa 4 peresenti.
Ndinalemba kumbuyo kwa kapepala kachikasu kaja:
mawa ndifunse Mayi Asiyatu,
kwa Chigumukire kuli ana angati.