Singano Inagwa Lachitatu

Atate, a Zakeyu Kathewera, ankalemba thambo m'kaundula.
Mbandakucha uliwonse, tochi ali kukamwa,
ankatsegula kanyumba koyera ka miyendo inayi
kuseri kwa bwalo lakale la ndege,
kumene mbuzi za ku Chinsapo zinkaba msipu.

Ankagogoda galasi la barometa ndi chikhadabo
ngati munthu wodzutsa mwana wodwala,
kenako maso kumwamba:
kodi Bunda wavala chipewa? Dzalanyama akuoneka?
Zonsezo n'kuzisandutsa manambala
oti atumize pa lamya,
ngati chiswe sichinagwetse mtengo wa waya.

Lachitatu lina m'mwezi wa Malichi singano inagwa.
Anagogoda. Inagwanso.
Kunja dzuwa likuswa mtengo.
Uthenga wa ku Beira unafika utagona kawiri panjira:
sitima ina yakumana ndi namondwe, akulowera kumtunda.
Basi.
Ali pati lero, palibe anamuona.

Atate anakwera njinga osapsereza ndi tiyi yemwe.
Anatsika ndi mtsinje wa Lilongwe, dimba ndi dimba,
kwa oumba njerwa a ku Mchesi,
kwa a Nangozo amene anamanga pafupi ndi mlatho.
Samukani m'dambo, kwezani mbuzi kumtunda.
Wakuuzani ndani?
Galasi.

Ena anasamukadi, mphasa pamutu, nkhuku m'khwapa.
Anagona pakhonde la tchalitchi masiku atatu,
udzudzu ukuchita phwando.
Namondwe sanabwere.
Anakhotera kwina, kukagwetsa nyumba za anthu
amene mayina awo sitinawamve.
Kwathu kuno kunangowaza,
fumbi lokha ndilo linanunkhira.

Pamsika anawapatsa dzina: Mneneri Wagalasi.
Ine kusukulu ndinalimenyera nkhonya,
mpaka dzino ili.
Iwo analemba m'kaundula, ndi dzanja losanjenjemera,
mvula: kadontho,
ndipo usiku ndinawamva akuuza amayi,
bola andiseke ali moyo.

Lero foni yanga imandionetsa namondwe akadali panyanja,
woyera, wodzipinda ngati galu wogona,
kutatsala masiku asanu.
Pabwalo paja kanyumba kaja kulibe.
Kaundula anadyedwa ndi njenjete kuyambira pakati,
Malichi yense ndi mabowo.

Koma mphepo ikati zii masana,
akakowa n'kuwuluka chotsika,
ndimangozindikira chikhadabo changa
chikugogoda galasi la foni,
kawiri,
kudikira kuti kanthu kagwe.