Kona Yachinayi

Ndafika ku Donnybrook mame asanaume,
laputopu ili m'chikwama cha mwana wasukulu.
Batire ndatchajira kwa aneba ku Tafara
poti kwathu ku Mabvuku magetsi anachoka Lachinayi
osatsazika.

Galimoto ya a Gwatidzo ndi yofiira, yanjata pansi,
mimba yake imanunkhiza phula.
Ndagwada, ndapisa dzanja kunsi kwa chiwongolero,
ndapeza kakamwa ka mano khumi ndi asanu ndi limodzi,
ndalumitsa waya wanga.
Lankhula tsono, ine ndilemba.

Bambo anga, a Sikelo, ankamvera injini ndi sikuludiraiva:
nsonga pa chitsulo, chigwiriro pa khutu,
maso tsinzinu,
ngati womvera nkhani za eni kuseri kwa chitseko.
Zaka makumi atatu m'magalaja a ku Msasa
osalemba ngakhale nambala imodzi.
Zonse anagona nazo.
Ine ndimalemba kakhumi pa sekondi iliyonse
koma sindinganene kuti ndimamva kuposa iwo.

Yanyamuka.
Phokoso lang'amba m'mawa ngati nsalu yatsopano,
akhwangwala balala pa mpanda,
fungo la matayala likundikanda kukhosi.
Yazimirira kuseri kwa udzu wouma,
yatulukiranso, yadutsa fyuu,
yandisiyira mphepo yotentha m'makutu.
Kasanu ndi katatu.
Kamtsikana kawo kakhala pa khoma, miyendo lendelende,
kakuyamwa fulizesi,
kakuwerenga ndi zala zomata shuga.

Abwera, avula chisoti, thukuta kamukamu.
"Zelesi, lero pa kona yachinayi sindinachotse phazi.
Ndalowa nayo yonse. Ona wekha."

Ndaona.
Mzere wobiriwira ndi phazi lawo.
Ukwera, ugona pamwamba ngati denga la fakitale ya simenti,
kenaka pa kona yachinayi
kadzenje.
Theka la sekondi, phazi linanyamuka.
Ulendo woyamba, wachiwiri, mpaka wachisanu ndi chitatu,
kadzenje komweko, malo omwewo.
Mantha nawo ali ndi kalembedwe kake,
ndipo mwini wake sakadziwa.

Ndikanaseka, koma mzere wachikasu wandigwira pakamwa.
Umenewo ndi oyilo.
Galimoto ikapendamira kunja pa kona yaitaliyo
oyilo yense athawira mbali imodzi ya sampu
ngati anthu m'kombi yokhota mwaliwiro pa Arcturus,
pampu itsala ikumeza mphepo,
mzere ugwa chagada,
zitsulo ziyamba kupsopsonana zouma.
Ndiye pomwepo phazi linyamuka,
injini ipuma kamodzi,
oyilo abwerera pamalo pake ngati sanachoke.

Akanalimba mtima monga akunenera
bwenzi pano tikutola pisitoni m'udzu.

Ndiwauze chiyani munthu wondilipira madola,
mwana wake akumvetsera?
Kuti phazi lawo ndi lanzeru kuposa pakamwa pawo?
Kuti chala chachikulu chinamva
chimene bambo anga ankamva ndi khutu?

Ndatembenuza laputopu, ndaphimba wobiriwira ndi chikhato,
ndawaonetsa wachikasu wokha.
"Lero basi, bwana. Sampu ikufuna timakoma m'kati.
Ndiwotcherera Lolemba, magetsi akabwera.
Kufikira tsikulo, kona yachinayi
muziilowa monga mwailowera leromu."
Agwedeza mutu, akondwa,
anyamula mwana paphewa kukagula madzi.

Fayilo ndaisunga: tsiku, mphepo, kutentha kwa phula,
madigiri makumi asanu ndi anayi a madzi a injini.
Batire yatsala mzere umodzi.
Boneti ili yasa, mpweya ukuvina pamwamba pake.
Ndayang'ana uku ndi uku,
ndasolola m'thumba la ovolosi
sikuludiraiva ya chigwiriro chong'aluka,
nsonga pa chitsulo, khutu pa mtengo.

Injini yazima kalekale.
Chikumveka ndi chitsulo chikuzizira,
the, the, the,
ndi magazi anga omwe,
amene sindinawapezere waya.