Mapu a pa Lata

Ku Ndirande, kuseri kwa msika,
kumene nyundo zimayankhana tambala asanatsike,
a Aniseto Namakhwa amakhoma mbaula.
Ntchito yanga ndi kugwira lata kuti lisadumphe.

Lero, asanadule, atola msomali.
“Taona, mnyamata iwe, boma lathu la Milanje.”
Msomali ukulira padzimbiri.
Kamzere aka ndi Muloza,
m’chilimwe madzi ake amalekeza m’mawondo.
Apa pamene lata linatupa ndi phiri la Tumbine,
limaonana ndi Mulanje ngati munthu ndi apongozi ake,
chapatali, mwaulemu, osagwirana chanza.
M’munsi mwake tiyi, tiyi, tiyi,
amene amayi awo anathyola mpaka zala kupindika
osamulawako ndi shuga.

Chibowo ichi, chosiya msomali wa denga la eni,
akuti ndiye ofesi ya Mpwitikizi.
Anachoka. Mbendera inatsika, ina inakwera,
mpando unatsala womwewo, wa mwendo umodzi waufupi.

“Tinagona anthu wamba, tinadzuka makamarada.
Anatisonkhanitsa kuchoka m’makwalala,
nyumba m’mizere ngati mano a chipeso,
manda a makolo kutsala okha kuthengo.
Munda unali wa tonse,
ndiye khasu lililonse linkadikira linzake.
Sitolo ya anthu inali ndi mashelefu okongola,
mchere tinkakagula kuno, mobisa, usiku.
Kukazonda mlongo wako wodwala tsidya la dambo
unkayamba wapempha kalata ya chidindo.”

Akhala chete. Minibasi ya ku Limbe yaliza hutala.
Kenaka akuloza pakona yopanda dzimbiri:
“Koma apa, pansi pa mtengo wa mango,
ndinaphunzira kulemba dzina langa ndili ndi ndevu kale.
Namwino anafika kwathu panjinga, koyamba.
Zimenezonso uzikanena. Usamadule nkhani
ngati mmene umadulira lata, mokhota.”

Za nkhondo sajambula.
Amangoika chikhatho chonse pamapu,
midzi isanu kubisika pansi pake.
Anawoloka Muloza ndi nyundo iyi m’thumba,
sizasi m’chiuno, mwana wa mchimwene wawo kumsana.
Mwanayo ali ku Bangwe tsopano, ndi kondakitala,
Chipwitikizi amadziwa mawu awiri, onse otukwana.

Ndafunsa ngati boma lija likadalipo.
“Dzina lilipo. Phiri lilipo, ngakhale linagumukapo chaka china
n’kukwirira anthu ali mtulo.
Dziko lomwe linandipatsa chidindo ndi lomwe kulibe.
Linavula dzina lake lalitali ngati jekete yothina,
anyamata a njinga za kabaza sakulikumbuka.
Ndinapitako kamodzi, kumaliro.
Ndinafunsa njira kwa mwana wa sukulu
pamalo pamene ndinabadwira.”

Dzuwa lafika pamutu pa phiri la Ndirande.
Lendi sadikira mbiri yakale.
Sizasi yalowa chakumpoto,
yadutsa m’minda ya tiyi, yadula Muloza pawiri.
Tumbine wapindidwa, wakumana ndi malire a kum’mawa,
tawamanga pamodzi ndi mariveti atatu.
Ofesi ija taikulitsa ndi chobowolera
kuti phulusa lizigwera pansi.

Madzulo kwabwera mayi wa ku Chilomoni,
wagogoda mbaulayo ndi chala, wainyoza,
akuti ili ndi zokandakanda m’mbali, tichotseko mtengo.
A Namakhwa achotsa faifi handiredi osatsutsa.
Mayiyo waisenza pamutu,
boma lonse ndi mitsinje yake,
n’kulowa nalo m’chipiringu cha ogula makala.

Ine ndikusesa tizidutswa.
Kamodzi, kopyapyala ngati tsamba la tiyi,
kali ndi theka la mtengo wa mango.
Ndakaika m’thumba la malaya.
Kandicheka pang’ono pokwera mtunda wa kwathu.