Mwala wa ku Lunkhwakwa

Malume anga a Yelesani Shawa sanasiye munda,
ng'ombe ayi, ngakhale njinga yoyenda.
Anasiya mipeni inayi yokulunga m'thumba la feteleza
ndi mwala wosalala wotola ku Lunkhwakwa,
wolowa pakati ngati msana wa bulu wokalamba.

Zaka makumi atatu anasenda mbuzi kuseri kwa msika wa Kapata.
Ine ndinali wogwira miyendo,
mwana wa mlongo wawo, wamanja oterera,
wokalipiridwa tsiku ndi tsiku chifukwa cha beseni.
"Wausiyanso m'madzi, iwe?
Madzi ndi mlendo wa mphindi imodzi.
Ukamugoneka m'nyumba, kukacha wabala dzimbiri."
Ndiye tsuka, pukuta ndi nsanza youma,
dontheza kamafuta ka saladi, paka ndi chala
kufikira pamene chitsulo chimalowa m'chigumbu,
poti m'menemo ndimo magazi amabisala.

Kunola ankanola m'bandakucha,
mabasi a ku Lundazi asanayambe kuitanira.
Kamadzi pang'ono pamwala.
Mpeni osaugoneka chagada, osauimika chilili,
pansi pa msana wake pazilowa chikhadabo basi.
Kankha ngati ufuna kuusenda khungu mwalawo,
khumi uku, khumi uko.
Ankatseka maso. Ankati wobuntha umalira mwaphokoso,
wakuthwa umanong'ona.
Akatero n'kumeta ubweya wa pamkono wamanzere,
mkono umene unapita kumanda uli mbee ngati wa khanda.

Atangotha maliro, ntchito inandithina.
Mbuzi zisanu ndi imodzi za ukwati wa ku Mchini,
ine ndekha, dzuwa likuthamanga.
Ndinatenga mpeni waukulu uja kwa mnyamata wa makina amagetsi.
Moto unathetheka, ana anaombera m'manja.
Mphindi ziwiri, makwacha asanu.
Unabwerako ukung'anima ngati dzino lagolide,
koma m'mphepete mutachita bii, mutapsa,
utachepa ndi theka la chala.
Mbuzi yachitatu isanathe unayamba kutafuna nyama
m'malo modula.
Ndinakhala pa ndowa yovundikira, ntchentche zili ng'waa,
manyazi ondigwira ngati malume aima kumbuyo kwanga
ndi kachipewa kawo kong'ambika.

Zinanditengera masabata atatu pamwala
kuti ndifike pa chitsulo chamoyo.

Wachiwiri uli ndi kadzino kobenthuka;
mlamu wanga anatsegulira chitini cha penti.
Sitinayankhulane mpaka mvula yoyamba.
Wachitatu chigumbu chinang'aluka,
ndinachimanga ndi mphira ya chubu cha njinga,
ndipo tsopano ndiwo umandikhala bwino m'dzanja.
Sagonera pamodzi, aliyense ali ndi nsanza yakeyake,
chifukwa mipeni ikakhudzana usiku imalumana.

Koma pali wachinayi, kakang'ono,
kowonda ngati tsamba la bango.
Amayi akuti pamene malume ankagula
unali wotambalala kuposa yonse,
woti n'kudziyang'anirapo nkhope.
Sanaugwetsepo, sanaubwereketse, sunaonepo dzimbiri.
Unatha ndi chisamaliro chomwecho,
m'mawa uliwonse kusiya kafumbi kakuda pamwala,
mwalanso kusiya kake.
Ndimauyang'ana, ndimayang'ana chigwa cha pamwalapo,
ndimakumbuka zala zawo mmene zinapindikira,
ndipo sindidziwa kuti ankanola ndani, ankanoledwa ndani.

Dzulo mwana wanga Zelipa, wa giredi sikisi,
anandipeza ndili chinjenjemere pa khonde,
phiri la Kanjala lisanaoneke bwino.
Anati, "Atate, ndiyeseko."
Ndinayamba ndamukana. Kenaka ndinatembenuza kampeni kaja,
kuthwa kuloza kwa ine, chigumbu kwa iye.
Anakanda mwala mokhotakhota, phokoso lokhalokha.
Ndinatsegula pakamwa kuti ndikalipe
ndipo mawu amene anafika pa lilime sanali anga.
Ndinawameza.
Ndinangomuwonjezera madzi pamwala.