Mlandu wa Zaka Ziwiri ku Pitsmoor

Lamlungu masana, mvula ya ku Sheffield
ija yosagwa, yongolendewera pawindo,
mlamu wanga Lekeleni wakhuthula katoni pathebulo.
Akuti lero mlandu uthe:
chaka cha nyimbo ndi chiti, 1997 kapena 2008?

Iye wafungatira 1997 ngati mwana wobadwa yekha.
Makaseti asanu ndi awiri, ogula pakhonde la sitolo ku Limbe,
zikuto zofotokopa, nkhope za oyimba zili bii,
bokosi lina lolembedwa ndi bolopeni yofiira: OSABWEREKA.
"Tamvera besi iyi," akutero,
chonsecho m'nyumba muno mulibe choyimbira kaseti
chitayireni wailesi ija posamuka ku Rotherham.
Ndiye besiyo akuyimba ndi pakamwa,
chala chikugogoda kapu ya tiyi.
"Chimbale cha masiku amenewo unkachimva chonse,
mbali yoyamba, kutembenuza, mbali yachiwiri.
Nyimbo yoipa unkangoipirira
ngati m'bale woledzera pamaliro,
poti kuidumpha kunkadya mabatire."

Ine ndaimira 2008, chaka chomwe ndinatera kuno
ndi jekete la eni ndi nsapato zomwa madzi.
Chimbale chathunthu ndilibe.
Zanga ndi zotola, imodziimodzi ngati khobidi:
ina m'basi ya usiku, yodontha m'foni ya mnyamata wakumbuyo,
ina pawailesi ya kufakitale ya masangweji,
yomwe inkabwera katatu usiku uliwonse.
Ikalira kachitatu, ndinkadziwa kuti kwatsala ola
ndivule magolovesi, zala zibwerere mwakale.
Chingerezi chake chinkandithawa, ndinkaikamo mawu anga,
ena otukwana kapitawo.
Ndinadzaipeza pa sidi m'sitolo ya kaunjika,
theka la paundi,
pakati pa mbale zong'aluka ndi tayi ya malemu wina.

Lekeleni waseka mpaka kutsamwa.
"Imeneyo si nyimbo, achimwene, ndi wotchi."
Ndamubwezera: "Nanga chimbale chako chachitatu?
Gitala wosachuna,
bambo akulangiza akazi a eni mphindi zisanu ndi zinayi."
Wavomera ndi phewa limodzi.
Tikulemba zigoli kuseri kwa envulopu ya bilu ya gasi,
zitatu kwa ziwiri, kenaka zitatu kwa zitatu
atakumbukira kuti nayenso anavinapo yanga ina
paukwati wa anthu a ku Zimbabwe ku Burngreave,
mpaka buluku kung'ambika.

Mwana wake Tiyese watsika kudzafuna chaja.
Tamugwira kuti akhale woweruza.
Wachotsa kachingwe khutu limodzi lokha,
wamvera besi ya pakamwa, wamvera sidi yanga yodumphadumpha,
wati zonse zikumveka ngati nyimbo zodikirira pafoni ya kuchipatala.
Wakwera.

Tatsala awiri ndi firiji yong'ung'udza.
Lekeleni watola bokosi la OSABWEREKA, walitsegula.
Mulibe kanthu, monga mwa zaka zonsezi.
"Ichi ndiye chikanakutseka pakamwa.
Amene anandibera, Mulungu amuone."
Wayamba kuliza besi ya nyimbo yotsiriza ya mbali yachiwiri,
ija sinamvekepo pawailesi iliyonse,
ndipo pakamwa panga, popanda kundifunsa,
palowa pomwe woyimba amalowera,
mawu onse, ndi kachifuwa komwe kaja
kamene anakhosomola asanayambe ndime yachitatu.

Chala chaima pakapu.

"Waidziwira kuti?"

Ndikuyang'ana mvula.
Ndikuona minibasi ya ku Ndirande, chaka chomwe ndinkafunsira mlongo wake,
wailesi ikutafuna tepi,
kondakitala akuisolola ngati matumbo a nkhuku,
ine ndikuikulunga ndi bolopeni mpaka kuduka.

Lekeleni wakoka envulopu mwakachetechete,
walemba chigoli chachinayi kumbali yake.
Kenaka wayambiranso besi ija kuchokera pachiyambi,
osandiyang'ana,
wangotukula chibwano pofika malo anga olowera.