Kamtanda ka Kunsi kwa Galimoto

Kunayamba ngati mlendo wogogoda mwaulemu:
go! kamodzi ndikamachotsa phazi pa kilatchi,
go! kenanso potsetsereka cha ku Mulunguzi.
Lachisanu mpando wonse unagwidwa malungo,
ndinaima pansi pa mibawa n'kuzimitsa.

Ndi galimoto ya mipando iwiri, denga la chinsalu,
kale yofiira psuu, lero mtundu wa njerwa yonyowa.
Bambo anaigula kwa mzungu wolongedza katundu
chaka chomwe boma linasamukira ku Lilongwe
n'kutisiyira maofesi ndi mileme.

Che Twaibu a ku Chinamwali analowa kunsi chagada,
katoni kumsana, sipanala pachifuwa,
nagwedeza shafiti ngati dzino la mwana.
"Mayi, makolosi atha. Onse awiri."
Anandiika m'manja kachitsulo ka mikono inayi,
kamtanda kosalowa m'tchalitchi,
tizipewa take tinayi, ndipo m'katimo
timasingano tonse tasanduka dzimbiri.
"Aka ndi kamene kamalola chitsulo kupinda chikuzungulira."
Ndinakumbukira bondo langa, koma sindinanene.

Ndinakamanga pampango ngati ndalama ya chipepeso.
Kumsika, pamzere wa ogulitsa mabawuti,
mnyamata anakatembenuza kawiri:
"Za minibasi zilipo, za lole zilipo."
Tinayesa. Zake n'zonenepa pang'ono pokha,
kusiyana kwa tsitsi limodzi.
Iye amayeza m'mamilimita,
kanga kanabadwira m'mainchi,
ndipo zitsulo sizidziwa kunyengererana.

Ku Limbe mkulu wina anatsegula buku lonona mafuta,
chala chake chinapeza nambala,
pashelefu tinapeza kangaude.
"Komaliza ndinagulitsa inu mukuvala yunifolomu."
Ndinabwerera pa basi ya madzulo
nditagula malalanje okha pa Namadzi.

Mphwanga Limbikani anatumiza kuchokera ku Joni.
Phukusi linayenda masabata asanu
pakati pa mabulangete a eni ake.
Timitanda tonyezimira, tonunkhira gilizi watsopano,
koma mizere ya makilipi ili kunja,
pomwe kanga ili m'kati.
Che Twaibu anangoti "Aaa," napita kukaswali.

Apo nkhuku inali itaikira kale pampando wa dalaivala.
Anyamata a ngolo ogula zitsulo zakutha
amachedwa dala pageti panga,
maso awo akuyeza makilo.
Mlamu wanga anati, "Mukusunga maliro m'galaja."

Kenako foni usiku, mvula ikuwomba malata:
"Mawa tipite ku Thondwe."

Kuseri kwa chigayo cha Abiti Ndembo,
pomwe malemu amuna awo ankalumikiza injini ya dizilo
magetsi asanafike,
panagona shafiti ya galimoto ina ngati yanga,
yoyera mbuu ndi gaga wa zaka zambiri.
Che Twaibu anapukuta ndi malaya awo,
nayeza, nayezanso, osapuma.
Mbali imodzi inali itadyeka.
Inayo inapinda mofewa ngati dzanja la wovina.

Ndinatulutsa chikwama. Mayiwo anakana.
"Phiri ilo ndaliona kuyambira ndili mwana,
koma pamwamba pake sindinapondepo.
Ikadzuka, mudzandikweze mpaka ku Chawe,
denga mutatsitsa, duku ndidzaligwira ndekha."

Ndinati tapeza kamodzi kokha, pakufunika tiwiri.
Anati, "Nanga ine ndikupita kuti?"

Tsono galimoto ikadali panjerwa.
Kamtanda ka ku Thondwe kagona m'gilizi
m'chitini cha majarini, pansi pa bedi langa.
Kakutha kaja ndimayenda nako m'chikwama
pamodzi ndi mapiritsi a bondo.
Mukaona mayi wa imvi atagwada m'matope ku Matawale
akusuzumira kunsi kwa chiphakasa cha eni,
musamufunse chimene wataya.
Mubwerekeni tochi.