Mfuti Yaing'ono

Mbuzi zitatu mwezi uno.
Yadzana tinapeza mutu wokha
pansi pa mtondo, kuseri kwa khola.

Kapalamula akuti gula yaikulu,
yolira mpaka kwa Chulu,
fisi amve, asabwerenso.
Koma kuseri kwa tchire langa kuli sukulu
ndi amayi otola nkhuni m'mamawa.
Chipolopolo chachikulu sichidziwa malire a munda.

Ndasankha yaing'ono,
yopepuka ngati mpini wa khasu,
ya nkhandwe ndi vumbwe wondithera nkhuku.
Chiphaso cha ku Kasungu boma ndapinda m'thumba.

Fisiyo?
Ndimugulira waya ndi mapolo fodya akagulidwa.

Usiku wathawu ndinabisala, mfuti pamaondo.
Maso awiri anawala pakhola.
Chala chinakana.

Anali galu wa Kapalamula.